Masiku anayi ku Beira, kudikira kadontho ka pa foni

Ndinapita ku Beira mu Okutobala 2024, nditakwera thiraki ya amalume. Tinadutsa Mwanza, Zobue, Tete ndi Chimoio, ulendo wa makilomita pafupifupi 800. Iwo amakatenga feteleza, ine ndimangofuna kuona nyanja yamchere. Titafika tinauzidwa kuti sitima sinakocheze.

Doko la Beira lili pamene mtsinje wa Pungwe umathira m'nyanja. Madzi ake ndi amatope, mphepo yake yonunkha mchere ndi dizilo. Kunja kwa geti kunali mzere wa mathiraki a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe, madalaivala akuphika nsima pambaula. Amalume samalandira ndalama yonse mpaka katundu atafika, ndiye tsiku lililonse lodikira limadya za m'thumba mwawo.

Tsiku lachiwiri, ejenti wina wokonza mapepala a katundu anandionetsa mapu a MarineTraffic pa foni. "Achimwene, sitima yanu ndi iyi," anatero, akuloza kadontho kamene kanali kufupi ndi Durban.

Anafotokoza kuti sitima zikuluzikulu zoyenda pakati pa mayiko zimakakamizidwa kukhala ndi kachipangizo kotchedwa AIS. Kamaulutsa pa wailesi dzina la sitima, pamene ili, liwiro ndi komwe yaloza. Milongoti ya m'mbali mwa nyanja ndi masetilaiti zimatola uthengawo. Pomwepa ndi pamene PortWatch, tsamba limene IMF inatsegula mu 2023 mogwirizana ndi yunivesite ya Oxford, imawerengera sitima zodutsa pa madoko ndi pa ngalande ngati Suez.

Koma kadonthoko si kokhulupirira kokha. Komwe sitima ikupita ndi tsiku lofika zimalembedwa pamanja ndi ogwira ntchito m'sitimamo, ndipo ena amaiwala kusintha. Ena amazimitsa dala AIS poopa kuomberedwa, ena amanamiza malo. N'chifukwa chake akatswiri amayerekeza ndi zithunzi za setilaiti, kaundula wa padoko komanso malipoti a UKMTO, ofesi ya asilikali apamadzi a ku Britain yomwe oyendetsa sitima amaiuza akaukiridwa. Akatero amafanizira chiwerengero cha sabata ino ndi cha nthawi yomweyo chaka chatha kuti aone kukula kwa vuto.

Sitima yathu imachokera mbali ya ku Ulaya. Mu Novembala 2023, a Houthi a ku Yemen anayamba kuombera sitima pa Red Sea, ndipo makampani ambiri anasiya njira ya Suez n'kumazungulira ku Cape of Good Hope. Ndinakumbuka za Ever Given, chisitima cha mamita 400 chomwe chinatseka Suez masiku 6 mu Malichi 2021. Nthawi ija ndinkangoseka zithunzi zake pa Facebook.

Ejenti uja sanathere pa mapu. Anaimbira woimira sitimayo padoko, yemwe anati ikafika iyambe yadikira madzi akwere, chifukwa njira yolowera ku Beira ndi yosaya.

"Ndiye tiziti liti?" anafunsa amalume.

"Lachinayi, mafunde akalola."

Inalowadi Lachinayi madzulo, ngakhale kutsitsa kunatenganso masiku. Usiku umenewo agogo anaimba kuchokera ku Thyolo kufunsa ngati feteleza afike mvula isanagwe. Amalume anayang'ana pa foni yanga, kadontho katakhazikika padoko, n'kuwayankha kuti, "Amayi, konzani mizere."