Nyali ya m'mgodi ya Viscount Tonypandy

Malume,

Nkhani ya mkangano wa ufumu kumudziko ndaimva. Kunonso mayina aulemu ali ndi nkhani zake, ndipo imodzi yandikhala pamtima chibwerereni ku Aberfan Loweruka lapitali.

Munthu akapatsidwa ulemu wa u-Lord, amatha kupempha ku College of Arms ku London kuti amujambulire chishango chakechake, chokhala ndi zithunzi zonena kumene anachokera. George Thomas anasankha nyali ija anthu a m'migodi amatsika nayo pansi. Sanainamizire. Bambo ake ankakumba malasha, iye anakulira ku Tonypandy m'chigwa cha Rhondda, anakhala mphunzitsi ndiponso mlaliki wa Methodist. Mu 1945 anthu a ku Cardiff, komwe ndikukhala kuno, anamusankha kukhala phungu wa chipani cha Labour. Kuyambira 1976 mpaka 1983 anali Sipikala wa Nyumba ya Malamulo, ndipo wailesi itayamba kuulutsa zokambirana za aphungu mu 1978, mawu ake oletsa phokoso analowa m'nyumba iliyonse. Atapuma anamutcha Viscount Tonypandy, dzina loti mwana angalowe. Sanakwatire, choncho linatha naye limodzi mu 1997. Kwathu mukanakhala pansi n'kupeza muphwa woti alowe.

Nditaiona nyaliyo ndinakumbukira agogo ndi nkhani zawo za ku Joni pa Wenela, moti ndinayamba kumukonda munthuyu. Mayi wina wachikulire amene ndimamusamalira kuntchito ndiye anati ndikaone kaye Aberfan.

Ku Aberfanko, pa 21 October 1966 phiri la zinyalala za malasha linagumuka n'kukwirira sukulu ya Pantglas. Anafa anthu 144, ana okha 116. Manda awo ali m'mizere paphiri, oyera, olumikizana ngati ana agwirana manja. Anthu a m'mayiko ambiri anatumiza chipepeso. Otsala anapempha kuti milu ina ya zinyalala yomwe inali pamwamba pa mudziwo ichotsedwe, poti mvula ikagwa sankagona. Thomas, ali nduna yoona za Wales kuyambira 1968, anavomera, koma thumba la chipepeso linakakamizidwa kuperekapo mapaundi 150,000.

Malume, mwayendetsa maliro angati inu? Munamvapo nyakwawa ikutapa m'mbale ya chipepeso kuti ikonzere chimene chapha mwanayo? Ndalamazo boma linabweza mu 1997, chaka chomwe mwini nyaliyo anamwalira, osawonjezerapo olo khobidi patapita zaka pafupifupi 30.

Lolemba ndinauza mayi uja kuti ndinapitadi. Anangogwedeza mutu n'kundipempha kuti nditsegule katani, kunja kunkavumba mvula.

Mupereke moni kwa azakhali. Ndalama ya feteleza nditumiza mwezi ukatha.

Ine muphwa wanu,
ku Cardiff