Mtengo wa nyumba amaulemba ndi munthu

Abale anga, inu amene mukumanga kumudzi ndi ndalama za kuno, ndi inu amene mwayamba kugula nyumba kuno ku America, pali munthu mmodzi amene sitimukamba m'macheza athu koma ali ndi mphamvu pa thukuta lathu kuposa ejenti, kuposa mmisiri. Kuno ndi appraiser, kwathu ndi valuwa. Banki isanakupatse ngongole imatuma iyeyu kuti akaone nyumba n'kulemba kuti ndi ya ndalama zingati. Nambala imene walembayo ndi imene banki imamva. Ikatsika, ngongole imachepa, chiwongoladzanja chimakwera, nthawi zina malonda amafera pomwepo.

Ife a ku Indiana nkhaniyi inatipeza pakhomo. Mu 2020 mayi wina wachikuda wa ku Indianapolis ankafuna kusintha ngongole ya nyumba yake ataona kuti chiwongoladzanja chatsika. Appraiser woyamba analemba madola 125,000. Wachiwiri anatsitsanso, 110,000. Ulendo wachitatu mayiyo sanalembe mtundu wake pafomu, anachotsa zithunzi za banja ndi chilichonse choonetsa kuti mwini nyumba ndi wakuda, n'kupempha mzungu wina kuti alandire appraiser ngati mlongo wake. Nyumba yomweyo, denga lomwelo, inatuluka 259,000. Ku Marin City, ku California, banja lina linachita chimodzimodzi, mtengo n'kuchoka pa 995,000 kufika pa 1,482,500. Linakasuma, ndipo mlanduwo unathera kunja kwa khoti mu 2023. Ku Baltimore aphunzitsi awiri a pa yunivesite ya Johns Hopkins anauzidwa 472,000, mnzawo wachizungu ataima m'malo mwawo n'kukhala 750,000.

Kuti mumve mmene zoterezi zimathekera, onani kagwiridwe ka ntchitoyi. Appraiser sawerenga njerwa kapena malata. Amasankha nyumba zitatu kapena kuposerapo zimene zagulitsidwa posachedwapa m'deralo, zofananako ndi yako, n'kumawonjezera kapena kuchotsera: iyi ili ndi galaja, iyo ilibe bafa lachiwiri. Nkhani yonse yagona pa kusankhako. Akatenga nyumba za kuseri kwa njanji mtengo ndi wina, akatenga za tsidya la msewu waukulu mtengo ndi winanso, ndipo zonse ziwiri atha kuzifotokoza bwinobwino papepala.

Ndiye pali mbiri. M'zaka za m'ma 1930 bungwe la boma la HOLC linajambula mapu a mizinda, madera a anthu akuda n'kuwapaka zofiira kuti n'ngoopsa kubwereketsako ndalama. Bungwe la FHA, limene linayamba mu 1934, linalemba m'buku lake la malangizo kuti kusakanikirana kwa mitundu kumagwetsa mtengo wa malo. Lamulo loletsa tsankho pa nkhani za nyumba linabwera mu 1968, komabe mu 1976 boma linachita kutengera mabungwe a ma appraiser kukhoti chifukwa mabuku awo ankaphunzitsabe zomwezo. Mawuwo anafufutidwa, mitengo inatsala. Nyumba ya lero imayezedwa ndi imene inagulitsidwa chaka chatha, iyonso inayezedwa ndi ya chaka chinacho, mpaka kukafika kumapu ofiira aja. Zili ngati sikelo ya venda imene anaipotoza kale: ngakhale mnyamata woyeza chimanga akhale wopemphera, mlimi aberedwa basi.

Pamene ife tinkasintha ngongole yathu, anzathu a kutchalitchi anatilangiza mwachikondi ndithu. Chotsani chitenje chija mwapachika pabalaza, chotsani zithunzi zaukwati, musaphike usipa dzulo lake. Mayi akunyumba anamvetsera, kenako anaima kutsogolo kwa chithunzi cha malemu bambo awo n'kunena kuti ichi sichichoka. Sitinachotse kanthu. Appraiser anabwera, munthu waulemu, anavula nsapato pakhomo, anayeza zipinda ndi kachipangizo kowalitsa kadontho kofiira pakhoma, anajambula khitchini, anatsikira kunsi kukaona makina otenthetsa nyumba. Mtengo unatuluka wabwino, sindidandaula. Chimene chimandipwetekabe n'chakuti anthu akuluakulu, ogwira ntchito usiku ndi usana, olipira msonkho, tinakhala pansi kukambirana ngati nkhope ya kholo lathu ingatichotsere ndalama.

Alipo amene amatsutsa, ndipo si onse amene akutsutsa chifukwa cha njiru. Ma appraiser amati mu 2020 ndi 2021 mitengo inkakwera mwezi ndi mwezi, choncho manambala awiri osiyana nthawi sangafanane, ndiponso ndani wanena kuti yolondola ndi yokwerayo? Amakumbutsanso kuti chaka cha 2008 chisanafike vuto linali lokweza mitengo mwabodza, ndipo mabanja ambiri akuda anataya nyumba ndi ngongole zoposa mtengo weniweni. Ofufuza a ku American Enterprise Institute, Edward Pinto ndi Tobias Peter, amati kusiyanako kumachokera pa kapezedwe ka anthu a m'deralo, osati khungu. Ine ndimavomereza kuti nkhani zitatu kapena khumi sizingaweruze ntchito yonse. Koma Freddie Mac, kampani yogula ngongole za nyumba imene si gulu lomenyera ufulu ayi, mu 2021 anaunika malipoti oposa 12 miliyoni: m'madera a azungu 7.4 peresenti ya nyumba zinalembedwa mtengo wotsika kuposa umene wogula ndi wogulitsa anagwirizana, m'madera a akuda 12.5 peresenti, m'madera a anthu a Chilatino 15.4. Andre Perry ndi anzake a ku Brookings mu 2018 anapeza kuti nyumba za m'madera a akuda zimatsika ndi madola pafupifupi 48,000 iliyonse poyerekeza ndi zofanana nazo kwina. Ndipo kunena kuti vuto ndi umphawi wa deralo sikuyankha funso, chifukwa umphawiwo unachita kubzalidwa ndi mapu omwe aja.

Nanga boma linachitapo chiyani? Ntchitoyi kuno ili ndi eni ake ambiri. Chiyambire lamulo la 1989, malamulo a kagwiridwe kake amalembedwa ndi Appraisal Foundation, bungwe limene si la boma, ziphaso amapereka ndi maboma a zigawo, ndipo chichitikire mavuto a 2008 mabanki ambiri amadzera kumakampani apakati posankha appraiser. Kuti ulowe ntchitoyi kawirikawiri uyenera kupeza wakale woti akuphunzitse kwa maola osachepera 1,000, ndiye wakaleyo amatenga mwana wake kapena wa mnzake. N'chifukwa chake ochuluka zedi ndi azungu. Mu June 2021 Joe Biden ali ku Tulsa analengeza gulu la PAVE loti lithane ndi tsankholi. Zinatulukamo zooneka: ziwerengero za malipoti zinayamba kusindikizidwa poyera, mu 2024 anakhazikitsa njira yoti wobwereka apemphe kuti mtengo uwunikidwenso atapereka yekha nyumba zoyerekezera, ndiponso anaika lamulo lakuti mapulogalamu a kompyuta oyeza mitengo asamasale. Boma litasintha, mu 2025 FHA inachotsa malangizo ake a kuwunikanso ndipo PAVE inathetsedwa. Lamulo la 1968 likadalipo, ndipo ufulu wolandira lipoti lako kwaulere usanasaine ngongole ukadalipo. Liwerengeni, abale, makamaka tsamba la nyumba zoyerekezera.

Tsono tibwere kwathu. Wina anena kuti izi n'za azungu, ife tonse ndife akuda. Zoona, valuwa wa ku Lilongwe sachita mantha ndi chitenje. Koma mizinda yathu nayonso inajambulidwa ndi anthu. Blantyre wa atsamunda anali ndi mbali ya azungu, mbali ya amwenye, ndipo ife tinkakhala kunja, ku Ndirande ndi kwina, n'kumalowa m'tauni kukagwira ntchito. Ufulu utabwera mayina anasintha, koma kumayadi kunakhalabe kumayadi. Lilongwe, amene anakhala likulu mu 1975, anamangidwa mogawa anthu potengera kapezedwe kawo. Imani kumalire a Area 47 ndi Mtandire muone: dothi limodzi, mvula imodzi, koma nyumba ya njerwa zowotcha ndi matailosi ikakhala mbali inayo, banki siyiwerengera n'komwe.

Kwathu mpanda waukulu ndi pepala. Anthu ambiri anagula malo kudzera kwa amfumu, ali ndi kalata yodindidwa ndi mboni ziwiri. Banki imafuna title deed kuti nyumba ikhale chikole. Malamulo a malo a 2016 anatsegula njira yolembetsa malo a makolo, koma munthu wamba amene wathira moyo wake wonse m'nyumba ya ku Chinsapo kapena ku Mbayani, akafuna mpamba amapitabe ku banki mkhonde kapena kwa akatapila. Wa ku America amalira kuti nyumba yake aitsitsa. Wakwathu nyumba yake siyifika n'komwe pa tebulo loyezera.

Mchimwene wanga amene amandiyang'anira ntchito yomanga anandiuza mmene zinayendera pofuna puloti. Dobadoba anatchula mtengo, atangomva kuti ndalama ikuchokera kunja anati mwini malo wasintha maganizo, mtengo n'kukwera tsiku lomwelo. Mchimwene atafunsa kuti puloti yoyandikana nayo inapita pa zingati, aliyense anali ndi nambala yake: mfumu ina, woyandikana naye ina, dobadoba inanso. Apa ndi pamene pali kusiyana kwenikweni. Kuno mtengo umene nyumba zambiri zagulitsidwira umapezeka pa intaneti, n'chifukwa chake mayi wa ku Indianapolis anatha kukangana, n'chifukwa chake Freddie Mac anali ndi choti awerenge. Kwathu mtengo ndi chinsinsi cha anthu awiri, ndipo umene umalembedwa pokalipira msonkho si nthawi zonse umakhala umene unaperekedwa m'manja. Onjezerani kugwa kwa kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023, muone ngati lipoti lakale lingakuuzeni kanthu lero. Mavaluwa ophunzira bwino tili nawo, a ku MUBAS ndi kwina, ndipo ali ndi bungwe lawo la Surveyors Institute of Malawi. Koma ngakhale katswiri, akasowa poyerekezera amadalira mphekesera, ndipo pa mphekesera wamphamvu ndiye amamveka.

Amene amandimvetsa chisoni kwambiri ndi wakumudzi amene msewu kapena mgodi wadutsa m'munda mwake. Obwera kudzawerengera chipukutamisozi amatumidwa ndi mbali yomwe ikutenga malowo. Amawerenga mitengo ya mango, amayeza nyumba, agogo amadinda chala. Valuwa wachiwiri amupeza kuti, amulipira ndi chiyani? N'chimodzimodzi ndi misonkho ya m'mizinda: makhonsolo amayenera kuunikanso mitengo ya nyumba zaka zisanu zilizonse, koma ndi eni nyumba angati amene anaonapo mmene nambala yawo inapezekera?

Sindikufuna kuti titengere zonse za kuno, poti taona kale kuti zimene boma lina lamanga, lina limagumula ndi kalata imodzi. Zimene zingatithandize zikhale m'malamulo a Nyumba ya Malamulo, osati m'malangizo a nduna. Mtengo uliwonse umene malo kapena nyumba yagulitsidwira ulembedwe m'kaundula woti aliyense athe kuona, ku Lands ngakhale pafoni. Valuwa aliyense, wa banki, wa khonsolo kapena wa boma, azipereka lipoti kwa mwini nyumba, m'Chichewa kapena m'Chitumbuka ngati mwiniyo wafuna, lotchula nyumba zimene wayerekezera. Ndipo pakhale khomo lodandaulira losafuna loya, kumene valuwa wina wosadya nawo angayezenso, ndalama yake ilipidwe ndi amene akutenga malo. Zimenezi zingatetezenso valuwa wachilungamo, amene lero bwana kapena kasitomala akamuuza kuti kweza kapena tsitsa alibe kaundula woti aloze pokana.

Inu amene mukutumiza ndalama, muuzeni m'bale wanu asalipire puloti asanapeze anthu atatu amene anagula m'dera lomwelo chaka chino n'kumva kwa iwo eni. Ndipo pepala la malo liyambe, maziko abwere pambuyo.