Makina atayamba kulankhulana, dzina langa lidayera

Ndine mmisiri wa zamagetsi pa fakitale ina ya tiyi m'boma la Thyolo. Amene adagwirapo ntchito ya tiyi akudziwa kuti kuyambira Disembala mpaka Epulo masamba amabwera osapumira, ndipo sadikira munthu. Akachedwa kulowa m'makina amatentha n'kufiira, mtengo wake n'kutsika. Chowumitsira tiyi chimadalira boyila, boyila nayo imadalira madzi ochokera ku pampu ya kumtsinje, kumunsi kwenikweni kwa munda.

Pampu imeneyi idatsala pang'ono kundichotsetsa ntchito. Mvula ikagwa usiku inkangozima yokha. Palibe amene ankadziwa mpaka thanki itauma, boyila itaima. Mlonda ankadzandigogodera, ine n'kutsetsereka m'matope ndi tochi kumanja. Ndikafika n'kudina batani, pampu inkalira bwinobwino ngati sipadachitike kanthu. M'mawa abwana ankangofunsa kuti, "Bambo, ngati pampu ilibe vuto, ndiye vuto lili ndi yani?" Manong'onong'o adayamba oti ndimaizimitsa dala kuti ndizidya ovataimu. Kenaka idafika kalata ya chenjezo. Ine ndi mayi a kunyumba tinkagwada usiku kupempha Mulungu kuti choonadi chioneke, chifukwa fizi ya ana inkachokera pa ntchito yomweyo.

Makina athu anali ndi ma PLC, timakompyuta toyendetsa makina, koma kalikonse kankagwira pakokha. Ka kumtsinje kankadziwa chimene chikuchitika, koma kadalibe njira youzira wina aliyense.

Thandizo lidabwera kampani itavomera kulumikiza makina onse pa netiweki imodzi. Injiniya amene adabwera adanditenga kuti ndizimuthandiza, ndipo ndidaphunzira zambiri. Waya wamba wa Ethernet sapitirira mamita 100, choncho pakati pa nyumba za fakitale tidakoka fayiba. Fayiba ili ndi ubwino wina kuno kwathu kwa ziphaliwali: mkati mwake ndi galasi, mphenzi siyendamo. Kumtsinje kudatalika, ndiye tidaika rauta ya m'mafakitale yolowa masimu khadi awiri, kuti netiweki ya kampani ina ikagwa, izidumphira yokha pa inayo. Si rauta ya kunyumba ija ayi. Ndi kabokosi kachitsulo kokhala m'panelo, koyendera mavoti 24, kopirira kutentha ndi kugwedezeka. Makina aliwonse adapatsidwa nambala yakeyake ya IP, n'kuyamba kutumiza mauthenga kudzera pa Modbus TCP, njira imene makina amalankhulirana, ku kompyuta ya SCADA yoyang'anira makina onse.

Mvula yotsatira itagwa, pampu idazimanso. Koma ulendo uno foni yanga idalira nthawi yomweyo thanki idakali yodzaza, ndipo pa sikilini padatsala mzere wosonyeza mphamvu imene mota inkakoka. Mzerewo sudakwere monga zimakhalira mota ikamapsa. Udatsika pang'onopang'ono, kenaka n'kuduka. Mota ikakoka magetsi ochepa chotere ndiye kuti pampu ikuzungulira yopanda madzi. Tidathamangira kumtsinje n'kukweza paipi yokokera madzi. Sefa ya kumapeto kwake idali itamatidwa ndi masamba, udzu ndi majumbo obwera ndi madzi osefukira. Chitetezo cha mota chinkaizimitsa kuti isapse. Pampu ikaima, kukoka kunkatha, zinyalala n'kumasuka zokha n'kupita ndi madzi. N'chifukwa chake ine pofika ndinkapeza zonse zili bwino.

Abwana adayang'ana mzerewo kwa kanthawi, kenaka adati, "Pepani bambo, tidakulakwirani." Kalata ija idachotsedwa m'failo yanga. Tidamanga chotchingira zinyalala chachitsulo kutsogolo kwa paipi, vuto n'kutheratu.

Phindu lina lidabwera pambuyo. Kale PLC ikavuta tinkadikira katswiri wochokera ku Johannesburg, kumulipirira ndege ndi malo ogona. Lero amalowa ali komweko kudzera pa VPN, njira yotetezedwa ya pa intaneti, koma pokhapokha ife titatembenuza kiyi pa panelo. Akamaliza timatseka. Kusamala kumeneku n'kofunika, chifukwa Modbus idapangidwa ndi kampani ya Modicon mu 1979, nthawi imene makina sankalumikizidwa kunja, ndipo sifunsa pasiwedi. Aliyense wolowa pa netiweki angathe kulamula pampu. Choncho rauta yathu imalekanitsa makompyuta a mu ofesi ndi a makina, kuti vairasi yobwera ndi fulashi ya munthu isafike ku boyila.

Ndikuthokoza Mulungu amene adamva kulira kwathu, komanso injiniya uja amene sadandibisire nzeru. Anzanga amisiri, musaope zinthu izi poganiza kuti n'za anyamata a makompyuta. Ine ndidayamba ntchito ndi pulayala ndi tesitala basi, koma lero ndimatha kuika rauta ndekha, ndipo ndikuphunzitsa anyamata awiri amene ali pansi panga.