Lupanga la ku Burma

Agogo anga, amene anamenya nkhondo ku Burma mu 1944 m'gulu la K.A.R., anatisiyira lupanga la Ajapani m'nyumba yathu ku Chemusa. Njala itatipsinja, ndinafuna kuligulitsa monga lamakedzana. Ndinakhomola kachikhomo ka nsungwi, chogwirira chinavuka, ndipo pa chitsulo cha m'kati panaoneka malembo. Dzimbiri lache sindinalikweche, pakuti lakuda ndilo mboni ya zaka mazana. Koma ili linali lochepa, lofiira. Wodziwa malembowo anawerenga chaka cha 18 cha Showa, ufumu wa Hirohito woyamba mu 1926, ndicho 1943. Ndinachita manyazi, abale, pakuti ndikadanamiza wogula. Lupangalo lidakali pakhoma.