Zimene Ndinaphunzira Pamphasa



Nditachoka ku seminale ndinkadziona ngati munthu wodziwa zambiri. Bambo Mfumu atandipempha kuti ndiziphunzitsa ana a Tilitonse, mumtima ndinati imeneyi ndi ntchito yaing'ono. Lamulungu loyamba ndinaima pansi pa mtengo wa nimu, pepala lodzaza lili m'manja. Dzuwa la kuno ku Chiromo mukulidziwa. Ndisanamalize ndime yoyamba, ana ena anali akuwodzera, ena akulimbirana chitsekerero cha botolo, ndipo kamtsikana kena kanali kulirira amake. Ndinakalipa. Sabata yotsatira anabwera ochepa chabe, ndipo ndinadziwa kuti wawathamangitsa ndine.

Anandithandiza ndi mayi wina wachikulire, mlezi wa pasukulu ya mkombaphala, amene sukulu yake inathera kupulayimale. Anandiuza kuti: "Aphunzitsi, mawa mubwere mudzakhale nafe pamphasa. Musadzalankhule, mudzangoona."

Ndinakhala pamphasapo sabata ziwiri. Mayiwo polankhula ndi mwana ankagwada kuti maso awo alingane ndi ake. Kuwerengera ankaphunzitsa ndi miyala ndi nthangala za masawu. Ana akayamba kutopa, ankayambitsa nyimbo. Mwana akapanda kumva Chichewa, ankamubwerezera m'Chisena, chilankhulo chimene anayamwira. Kenaka anandipatsa ana asanu okha kuti ndiyesere, ndipo ana ataweruka anandilozera pamene ndinaphonya. Zinandiwawa, koma kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pambuyo pake ndinazindikira kuti nzeru imeneyi si yachilendo. Maria Montessori, dokotala wa ku Italy, anatsegula nyumba yake yoyamba ya ana ku Rome mu 1907, ndipo njira yake yophunzitsira anaipeza poyang'anitsitsa zimene anawo ankachita. Kwathu kuno, maphunziro a aphunzitsi apulayimale a IPTE pamene ankayamba, wophunzira ankakhala chaka chimodzi ku koleji ndi chaka china akuphunzitsa pasukulu, moyang'aniridwa ndi mphunzitsi amene wakhalitsa pantchito. Ngakhale Ambuye Yesu anayamba ayenda ndi ophunzira awo, kenaka anawatuma awiriawiri, ndipo atabwerako anamvetsera zimene iwo anachita, monga timawerengera pa Marko mutu 6.

Ana athu a m'chigwa cha Shire ali ndi katundu wina amene mabuku sanandikonzekeretse. Ambiri aona Shire ndi Ruo atasefukira: namondwe Ana mu Januwale 2022, kenaka Freddy mu Malichi 2023. Tsiku lina mvula itangoyamba kugunda malata, mnyamata wina wazaka zisanu anabisala pansi pa benchi akunjenjemera. Mtsikana amene ndinali kumuphunzitsa ntchitoyi anasiya phunziro, nakhala naye pansi mpaka anatonthola. Zimenezi sanazimve kwa ine ayi. Anaziona kwa mayi aja.

N'chifukwa chake achinyamata ofuna kuthandiza ku Tilitonse sindiwapatsa buku tsiku loyamba. Masabata atatu amangokhala pamphasa n'kumaona. Kenaka amaphunzitsa kagulu kakang'ono, ali awiriawiri, ndipo tikamaliza timakhala pansi n'kukambirana moona mtima: ndi mwana uti amene lero sanalankhule? Chifukwa chiyani?

Ndikudziwa kuti ena mwa inu mwalemba mayeso a MSCE ndipo mukulakalaka uphunzitsi. Musadikire kuti koleji ikuitaneni. Bwerani Lamulungu lino ikatha Misa yoyamba, mudzadziyese ngati mtima wanu ungapirire phokoso, mamina ndi mafunso osatha. Mukapeza kuti si maitanidwe anu, palibe chamanyazi. Ndi bwino kudziwa lero kusiyana n'kudzazunza ana a eni zaka makumi atatu. Paja akulu amati m'mera mpoyamba, ndipo mawuwa amanena za mwana komanso za womuphunzitsa.

Ambuye Yesu, inu amene munakumbatira ana pamene ophunzira anu ankawaletsa, tipatseni mtima wodzichepetsa kuti tiyambe taphunzira tisanaphunzitse. Amen.