Nyanja inalowa m'nyumba ya amalume

Ife a kuno ku Mtengowanthenga nyanja timaiona pokhapokha tikatsetsereka msewu wa ku Salima. Koma mu 2024 inatikhudza. Madzi anakwera mpaka kulowa m'nyumba yomwe amalume anamanga ku Senga Bay ndi ndalama zawo za penshoni. Pa foni anangoti, "Mphwanga, nyanjayi yapenga."

Ine ndimaphunzitsa Geography, koma tsikulo ndinasowa choyankha. Manyazi ndi amene anandikankhira ku mabuku.

Nyanjayi sinapenge ayi, kukwera ndi kutsika ndi khalidwe lake. Umboni uli m'matope a pansi pake, omwe amasanjikizana chaka ndi chaka ngati masamba a kope. Mu 2005 akatswiri anaboola pansi pa nyanja ali pa chombo cha Viphya, natulutsa matope a mamita oposa 300. Pamalo pomwe lero mpakuya koopsa anapezapo tizigoba ta tizilombo tomwe timakhala m'madzi osaya. Apa mpomwe anadziwira kuti zaka zoposa 100,000 zapitazo chilala chinatsitsa madzi ndi mamita oposa 500. Nanga za dzana? Kuyambira 1915 mpaka 1935 madzi anasiya kutuluka m'nyanja kupita mu Shire, mtsinje womwewu umene lero umatipatsa magetsi a ku Nkula.

Zonsezi ndinakawafotokozera amalume, monyadira ndithu, titaima m'chipinda chonunkha chinyontho. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako analoza mzere wa ndere womwe madzi anasiya pakhoma.

"Ndiye aphunzitsi, munali kuti pomwe ndinkagula simenti?"