Mpando wa Pakati pa Anayi

Ntchito yanga ndi kuimba viyola, chida chimene chifanana ndi vayolini koma chiiposa pang'ono thupi ndi kuzama kwa mawu. Monga achitira anzanga ambiri amene adya thukuta la uta ndi nsambo zinayi kuno ku America, chaka changa ndichigawa pawiri: miyezi yozizira ndikhala m'gulu lalikulu la oimba mumzinda, kumene tonse timvera kandodo ka wotitsogolera, ndipo pofika Julaye ndi Ogasiti ndinyamula chida changa kupita kusukulu ina yaing'ono ya kumapiri a New England, kumene tiphunzitsa anyamata ndi asungwana nyimbo za m'chipinda, zija ziimbidwa ndi anthu atatu, anayi kapena asanu popanda wowaimirira patsogolo.

Aphunzitsi a kumeneko sitinafike ndi njira imodzi. Wina anayendayenda m'maiko ndi gulu lake la anayi kufikira imvi zitamera, wina akhala pampando woyamba wa mavayolini m'gulu lalikulu, wina aphunzitsa pasukulu ya ukachenjede. Koma tonse tidziwa kuti malipiro a miyezi iwiriyi ndi ochepa, ndi kuti chotibwezera kumeneko chaka ndi chaka ndi ngongole imene tili nayo kwa iwo amene anatiphunzitsa ife. Mwambowu ndi wakale ndithu. Franz Kneisel, mtsogoleri wa mavayolini mu Boston Symphony Orchestra, amene gulu lake la anayi linayamba kuimbira anthu nyimbo ina imene Dvořák anailemba ali ku America, anayamba kutengera ophunzira ake ku Blue Hill m'dera la Maine m'chaka cha 1902, ndipo sukuluyo ilipobe. Pambuyo pake, mu 1951, Adolf Busch, mkamwini wake Rudolf Serkin, ndi a banja la Moyse anakhazikitsa sukulu ya Marlboro ku Vermont, nakhazikitsanso khalidwe limene ine ndiliyesa lopambana pa ntchito yathu yonse: kuti wamkulu asaime pambali ndi kuloza chala, koma akhale pansi pakati pa achinyamatawo ndi kuimba nawo, kawirikawiri pampando wotsika.

Chifukwa chake n'chakuti zimene tiphunzitsa sizilowa bwino ndi pakamwa. Taonani chiyambi chabe cha nyimbo: popeza palibe wokweza dzanja, woimba vayolini yoyamba akoka mpweya mwa liwiro la nyimboyo, ndipo atatu enawo ayenera kupuma naye pamodzi kuti mauta anayi agwe pa nsambo nthawi imodzi; mwana amene sanakhalepo pafupi ndi munthu wodziwa kupuma kotero sadzamvetsa ngakhale mumfotokozere tsiku lathunthu. Chomwechonso kulunzanitsa mawu. Timanga kuchokera pansi, chelo ayamba, ife tisanjika pamwamba pake, ndipo liwu lachitatu, limene nthawi zambiri ligwera ife a viyola, liyenera kutsitsidwa pang'ono kuposa mmene limvekera pa piyano, kufikira kunjenjemera kuja kwa mawu osagwirizana kutaleka ndipo zida zinayi zilira ngati chimodzi. Ndaona asungwana ndi anyamata akutsegula maso ndi kudabwa pa mphindi imeneyo, pakuti anaimba zaka khumi osadziwa kuti khutu lingafune zotere. Tikhoza kutha mmawa wonse pa mizere iwiri ya Haydn, pensulo ili pa khutu, tikulemba pamene uta ukwere ndi pamene utsike, ndi kufufutanso mawa lake. Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo ku Marlboro komweko nyimbo zambiri zimene aziphunzira masabata ambiri sizifika n'komwe pamaso pa anthu, popeza cholinga ndi kuidziwa nyimboyo.

Amene andivuta mtima koposa ndi aluso kwambiri, aja analeredwa kuti adzaime okha pansanja ndi kuomberedwa m'manja. Zala zawo zithamanga kuposa zanga, ndipo sindichita manyazi kunena chomwecho, koma makutu awo amva iwo okha. Otere ndikonda kuwapatsa vayolini yachiwiri mu nyimbo ya zida zisanu imene Schubert anailemba mu 1828, atatsala miyezi iwiri kuti amwalire, ija ili ndi achelo awiri. Pakuti m'gawo lake lachiwiri, lodekha lija, nyimbo yeniyeni ili mwa ife atatu a pakati, vayolini yachiwiri, viyola ndi chelo woyamba, ndipo tiyenera kuikoka pang'onopang'ono ndi uta wosatha msanga, wina osaposa mnzake, pamene vayolini yoyamba ingoyankhira pamwamba ndi chelo wachiwiri adodola nsambo pansi. Pamenepo wodzikuza alibe pobisala. Ndiphunzitsanso kalankhulidwe, chifukwa magulu ambiri afa ndi lilime, osati ndi zala: munthu aphunzire kunena kuti tiyeni tiyese njira yanu kaye, ndi kuiyesa ndi mtima wonse ngakhale akuikayikira, asanapemphe kuti ayesenso yake.

Sindiwanamiza ophunzira anga za kutsogolo. Ochuluka a iwo adzalowa m'magulu aakulu kapena adzaphunzitsa ana, ndipo imeneyo ndi ntchito yolemekezeka. Owerengeka okha ndiwo adzapeza anzawo atatu oti akhale nawo moyo wonse. Koma zimachitika. Arnold Steinhardt, John Dalley, Michael Tree ndi David Soyer anagwirizana ku Marlboro mu 1964 napanga Guarneri Quartet, imene inaimba kufikira 2009. Ndipo pamene Soyer anapuma chifukwa cha ukalamba mu 2001, amene anakhala pampando wake wa chelo anali Peter Wiley, yemwe Soyer mwini anamphunzitsa ali mnyamata ku Curtis Institute mu Philadelphia.